Tsiku limene ndinatulutsa mipando panja

Ndikukumbukira chaka chimene Taonga, mng'ono wanga, anabwerako ku chipatala cha ku Lusaka. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, iye zinayi. Madokotala anali atamuchotsa impso imene inagwidwa ndi khansa, ndipo mankhwala anali atamuthothola tsitsi lonse. Matenda akuti anatha, koma mwana amene anatsika minibasi tsiku limenelo ndinkamunyamula ndi dzanja limodzi. Anatilangiza kuti azidya mazira ndi mkaka, ndiponso azibwerera ku Lusaka mwezi ndi mwezi kukapimidwa, chifukwa chotupa chikhoza kuyambiranso mwakachetechete.

Atate ntchito ya ku mgodi inali itawathera, njinga ndi wailesi zinali zitagulitsidwa kale. Ulendo woyamba unayandikira m'nyumba mulibe ngakhale ya basi. Amama anayesa kuyenda khomo ndi khomo, ine ndili pambuyo pawo. Anthu a mu Kwacha, komboni yathu, sanali ouma mtima ayi. Ankatilonjera bwino, n'kutipatsa pokhala, kenako n'kuusa moyo: "Mwana si anapola? Tiyamike Mulungu. Tizaona mwezi ukasila." Koma mwezi wa mu Kwacha sunkatha, ndipo ine ndinayamba kudana ndi mawu amenewo.

Anatithandiza nzeru ndi amayi a m'chitente, kagulu kathu ka tchalitchi ka m'dera. Anati tikazinge zitumbuwa zambiri Loweruka, tikagulitse Lamulungu anthu akamatuluka Misa. Loweruka m'mawa anafika atatu ndi mabeseni awo, onse atavala chitenje chofanana cha kagulu kawo. Atate anali atapita kukasaka ganyu. Amama, pothamangira kumsika kukagula mafuta, anangondisiyira mawu: "Esinati, konza malo oti akandirepo ufa, ukoleze na moto."

Ine ntchito sindinkaichita mwatheka, mpaka lero ndi mmene ndilili. Nyumba za mu Kwacha mukuzidziwa, chipinda chochezera chimadzaza ndi mipando itatu. Ndinaikoka yonse n'kuindandalika panja, tebulo ndi kabati yomwe, ndipo amayi aja anakhala pansi pamphasa n'kuyamba kukanda. Makala anali ochepa, choncho ndinatenga zikuni za mtengo wa peyala umene atate anadula, n'kuzisonkha pabwalo la kumaso, popeza kuseri kunali dimba. Utsi unakwera bwinobwino. M'nyumba amayi aja anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, ija yoyenda pang'onopang'ono, kuti manja aziyendera limodzi. Ndinaima n'kumadziyamikira ndekha.

Chimene mutu wanga sunaganize n'chakuti kwathu kuno mipando ikatuluka panja, zikuni zikayaka kumaso kwa nyumba, amayi n'kumaimba atakhala pansi, uthenga wake ndi umodzi basi. Ndipo msewu wonse unkadziwa kuti panyumba pathu pali mwana wodwala.

Woyamba kufika anali Bana Mulenga, mayi wachibemba wa nyumba yoyang'anana ndi yathu, wogulitsa tomato, amene mawu awo ankamveka mpaka kumsika. Analowa pageti manja ali kumutu, akulira, "Mayo, umwana wesu!" Ndisanatsegule pakamwa, ena anali atatsatira. Wina anasenza thumba la ufa, wina makala, wina kabichi ndi kapenta. Abambo anadzikhalira pamipando ija mozungulira moto, zipewa zili m'manja, ndipo mbale ya chipepeso inayamba kuyenda pakati pawo. Amayi a m'nyumba, pomva kulira, anaganiza kuti amama achita ngozi kumsika, nawonso anayamba kulira manja ali ufa okhaokha. Ine ndinkati ndifotokoze, koma aliyense ankangondikumbatira n'kunditseka pakamwa ndi chifuwa chake.

Amama anatulukira pakona ndi chigubu cha mafuta. Ataona khamu, chigubu chinagwa. Nkhope yawo ya nthawi imeneyo sindifuna kuikumbukira, ndipo mpaka lero imandiwawa.

Ndiye chitseko cha kuchipinda chinatseguka. Taonga, amene phokoso linamudzutsa, anatuluka ndi kamutu kake kosalala, akutikita m'maso, atavala juzi ya atate yofika m'mapazi. Anayang'ana anthu onsewo n'kufunsa, "Vitumbuwa vapsa?"

Amama anamunyamula n'kukhala naye pansi pomwepo pafumbi. Wina anayamba kuseka, kenako bwalo lonse, ena misozi isanaume. Zitadziwika kuti mwini nkhani yonse ndi ine, khutu langa linapotokoledwa, ndipo linayenera.

Manyazi atagwira anthu, aliyense anayamba kuyang'ana katundu wake. Bambo wina anali atagwira kale thumba lake la makala. Apo ndi pamene Bana Mulenga anakaima pageti, manja m'chiuno, n'kulankhula m'Chinyanja chawo chopindikapindika.

"Awe mwandi, palibe chochoka pano. Amake anabwela pakhomo panga, nenze nilibe. Lelo namvela ati mwana wafa, napeza. Nanga nizanyamula bwanji kabichi yanga pamenso pa mwana wamoyo? Bokosi tenze tizagula, manje ndalama ya basi ndiye yatikanga?"

Bambo uja anatula makala ake, n'kunena kuti amangowasuntha kuti asanyowe, ngakhale kumwamba kunalibe kamtambo n'kamodzi komwe. Mbale ija anaipereka kwa amama mmene inalili. Ndipo poti moto unali utayaka kale ndiponso anthu anali atakhala kale, zitumbuwa zinakazingidwa pomwepo n'kugulidwa zikadali zotentha. Ku Misa sitinapite nacho n'chimodzi chomwe. Atate pobwera madzulo anapeza anzawo akuseka pamipando yawo, Taonga ali pamiyendo pa Bana Mulenga, mafuta ali kukamwa.

Sabata yotsatira amama ndi Taonga anakwera basi ya ku Lusaka. Maulendo enawo sanavutenso kwenikweni, chifukwa Bana Mulenga anadzipatsa udindo woyenda ndi mbale mwezi uliwonse, ndipo munthu ankaopa kuwauza za mwezi ukasila. Tsitsi linamera, masaya anabwerera. Lero Taonga ndi wamtali kundiposa, ndipo akafuna kundiputa amanditcha mkulu wa maliro.

Timati maliro n'kulirana, ndipo n'zoona, ife pamaliro sitigona. Koma ndinazindikira kuti thandizo lomwelo limakhalapo ndithu munthu akadali moyo, kungoti timalisungira tsiku lolakwika. Chaka chatha Bana Mulenga anagwidwa ndi matenda a miyendo, osathanso kupita kumsika. Ine ndi Taonga tinanyamula ufa, makala ndi kabichi n'kukagogoda. Atationa ndi katundu yense uja anaseka mpaka kutsokomola.

"Imwe bana, sininafe."

"Tidziwa," anatero Taonga, akuyatsa mbaula. "N'chifukwa chake tabwera lero."