Anayamba wavala yekha, ndipo ndikumuyamika

Sabata yathayi ndinaperekeza ku Maputo azakhali anga, Abiti Saidi a ku Chiuta. Mdzukulu wawo Amina amafunika kuonedwa ndi madokotala a mtima. Kuchoka pa Entre Lagos mpaka ku Nampula tinavutika ndi mashapa, maminibasi a kuno, ndiye titakwera ndege ndinati basi, zovuta zatha.

Tili m'mwamba makutu anayamba kuwawa, m'ndege munazizira, kenako timasikara tachikasu tinagwa kuchokera kudenga n'kumalendewera pamaso pathu. Mpweya wa m'ndege unali ukuthawa. Kumtunda kumeneko mpweya ndi wochepa, munthu amakomoka asanadziwe n'komwe kuti akukomoka.

Ine ndinavala kanga. Azakhali, kutsidya kwa kanjira, anali pa nkhondo ndi Amina. Mwana akulira, akupotoza mutu, iwo akumukakamiza kamasikara, kawo kakungolendewera.

"Azakhali, yambani inu!" ndinakuwa.

"Ine ndipume mwana asanapume? Iwe uli bwino?"

Ndinaona zala zawo zikufooka, chingwe chikuwapulumuka. Ndinachita mantha kwambiri, chifukwa akanakomoka iwo, mwana wodwala mtimayo akanatsala wopanda womuveka.

Mtsikana wogwira ntchito m'ndegemo anali pafupi ndi ngolo yake ya tiyi. Mukudziwa chimene anachita? Anamanga mabuleki a ngolo, n'kukhala pampando wopanda munthu pambali pa azakhali, n'kuvala kamasikara iye mwini. Atapuma, anagwira mutu wa azakhali, wopanda odi, wopanda pepani, n'kuwaphimba mphuno ndi pakamwa. Kenako anaveka Amina. Zonsezi ndege ikutsika mwaliwiro, anthu akulira, ena akuitana Yesu, ena Allah. Tinkayesa tikugwa, koma woyendetsa ankatsikira dala kumunsi kumene munthu amapuma bwino. Ndege itakhazikika, mtsikana uja ananyamula botolo la mpweya n'kuyenda mzere ndi mzere, akuyang'ana milomo ya aliyense.

Titatera, azakhali anali okwiya. "Mwana wopanda mwambo. Wayamba yekha, ine wamkulu ndili pompo, mwana wodwala ali pompo. Wandigwiranso mpango!"

"Nanga Amina wavekedwa ndi ndani?" ndinafunsa.

Iwo anangoti, "Komatu manja ake sananjenjemere."

Ine mtsikana ameneyu ndamugomera. Analeredwa ngati ife tomwe, kuti wamkulu ndiye amayamba kusamba m'manja, kuti mayi sadya mwana asanadye. Koma anamuphunzitsa kuti pa nthawi ngati imeneyi aike mwambo pambali, ndipo anakwanitsa anthu akumuyang'ana. Paja akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Azakhali sindikuwanyoza ayi. Amayi ngati iwowa ndi amene anatisunga amoyo tili othawa nkhondo ku Malawi, akunama kuti adya kale kuti ife tikhute. Chikondi chimenecho ndimachilemekeza.

Koma tapitani pachipatala chilichonse kuno ku Mecanhelas, muone amayi odikirira odwala. Agona pansi, sadya, mankhwala awo a magazi anasiya kunyumba. Wina akati ndikapume pang'ono kwa achemwali, timayamba kunong'ona kuti alibe chisoni. Tsiku limene wagwa pakhonde, timadabwa, n'kuyamba kufunafuna wina woti adikirire anthu awiri.

Ku Maputo madokotala anamugoneka Amina. Tsiku loyamba azakhali anakana chakudya, akuti pakhosi sipakudutsa kanthu mwana ali pabedi. Ndinawaikira mbale pamiyendo n'kuima pomwepo mpaka anamaliza, akunditukwana m'Chiyao. Amina akadali m'chipatala, ndipo womusambitsa ndi kumutembenuza ndi iwowo, palibenso wina.

Inu amene muli ndi wodwala sabata ino, mwafunsa kale kuti wodwalayo wadya. Nanga amene akumudikirirayo, wamufunsa ndani?