Mbiri Yanga Imene Anaifufuta Kawiri

Chaka chimene ndinapuma ntchito ya uphunzitsi, mwana wanga wamkazi ananditumizira foni yaikulu kuchokera ku Nampula kuti ndizitanganidwa nayo m'malo mosowetsa mtendere amayi ake pakhomo. M'foni imeneyo ndi mmene ndinapezamo insaikulopediya ya pa intaneti, buku lopanda chikuto limene amati munthu aliyense angathe kulembamo. Mawu akuti aliyense ndinawakhulupirira ndi mtima wonse, monga mmene mlendo amakhulupirira wotolera ndalama mu chapa, minibasi ya kwathu kuno, akamati galimoto inyamuka pompano.

Ndinawerengamo za anthu ambiri. Munali wosewera mpira wina amene anathamanga ku Ulaya miyezi yowerengeka n'kuthyoka mwendo, koma anali ndi tsamba lake, chithunzi chake, ngakhale msinkhu wake. Nankafumbwe amene amatithera chimanga analinso ndi tsamba, dzina lake la Chilatini lili pamwamba ngati dokotala. Ndinadzifunsa kuti ngati nankafumbwe walowa, ine ndatsalira chiyani panja.

Chimene ndinkafuna sichinali kutchuka kokha, ngakhale sindikana kuti kutchuka ndinkakufuna. Nthawi ya nkhondo tinathawa ku Itepela n'kuwolokera ku Malawi cha ku Mandimba. Kumeneko ine ndi mnzanga wina, mphunzitsi ngati ine, tinkaphunzitsa ana a othawa nkhondo pansi pa mitengo ya mango. Choko chathu chinali chinangwa chouma, bolodi linali chitseko chopakidwa makala. Titabwerera pambuyo pa 1992 tinakatsegulanso sukulu yathu, tchire limene linamera m'kalasi tinazula ndi manja athu. Zaka zimenezo sizinalembedwe paliponse. Mapepala a ntchito yanga amaonetsa kuti ndinasowa, kenako ndinatulukira ngati bowa. Adzukulu anga ndikawauza amandiyang'ana mwaulemu, ulemu uja umene anthu amapereka kwa nkhalamba imene yayamba kupeka. Zimenezi zinkandiwawa, ndipo ndinkafuna kuti zaka zija zikhale penapake pamene sadzanena kuti agogo ankalota.

Ndinalemba sabata yathunthu m'Chipwitikizi, poyamba m'kope, kenako m'foni ndi chala chimodzi. Paja amati fumbi ndiwe mwini, choncho sindinadzimane. Ndinadzitcha wolimba mtima, wodzipereka, nyali ya chigawo cha Ngauma. Tsamba litatuluka ndinakalionetsa kwa mayi a kunyumba, amene ankasankha nyemba pakhonde pathu ku Cuamba. Analiyang'ana pang'ono n'kufunsa ngati ndalembamonso kuti nyali ya Ngauma imataya makiyi kawiri pa tsiku.

Mbiri yanga inakhala moyo masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinapeza bokosi lofiira pamalo pake. Munthu wina wodzitcha dzina la mbalame lotsatizana ndi manambala anali ataifufuta, ndipo anasiya zifukwa zitatu. Anati munthu sadzilembera yekha mbiri, anati sindine wodziwika mokwanira, anatinso palibe umboni wochokera kwa ena.

Chifukwa chachiwiricho chinandipweteka mutu. Ine amene sindingagule matimati pamsika wa Cuamba popanda kumva wina akuitana kuti porofesolo, monga timaitanira aphunzitsi kuno, mbalame ya manambala inali isanandimvepo. Koma chachitatucho ndinachimvetsa, ndipo ndinamwetulira, chifukwa pa nkhani ya umboni ife obwerera kuchokera ku Malawi palibe angatiphunzitse. Tinabwera tilibe pepala lililonse, ndipo kuti boma livomereze kuti unabadwa, unkatenga mboni ziwiri kupita nazo kwa sekeretariyo wa dera, iye n'kulemba kalata, mbonizo n'kudinda zala, pamwamba n'kumenyapo karimbu, chidindo chija chozungulira. Ndi njira imeneyo ndinapezera chitupa, malo a nyumba, ngakhale tsiku langa lobadwa. Ndinaganiza kuti anthu a pa intaneti angochita manyazi kunena poyera kuti akufuna karimbu.

Ndinakwera chapa wa ku Mandimba, mawondo ali pachibwano, thumba la usipa la munthu wina lili pamiyendo. Mboni yoyamba ndinaipeza pamsika wa kumeneko, mayi wogulitsa makapulana, zitenje za kuno, amene anaphunzira alifabeti pansi pa mango aja. Atamva nkhaniyo anatseka benchi lake nthawi yomweyo, ndipo tinapitira limodzi ku Itepela kumene mnzanga uja ankakhala.

Tinamupeza atakhala pampando wandalema pansi pa nkhokwe. Matenda anali atamupha dzanja lamanja, ndipo pakamwa panali patapotoka pang'ono, koma lilime linali lakuthwa monga kale. Ndinamuwerengera tsamba lonse. Pa nyali ya Ngauma anaseka mpaka kutsokomola.

"Achimwene, mwaiwala chachikulu," anatero. "Lembaninso kuti ana ankadya choko. Mukatembenuka kuti mufufute bolodi, phunziro la mawa lapita m'mimba."

Ndinawonjezera zimenezo. Sekeretariyo analemba kalata yokongola, yodzaza ndi mawu aatali. Mayi wa makapulana anasaina, mnzanga anadinda chala chakumanzere, ndipo karimbu inamenyedwa kawiri, poti ndinapempha kuti inki ioneke bwino kwa anthu akutali. Pobwerera kalatayo ndinaiika m'malaya, pachifuwa.

Nditafika ku Cuamba ndinabwezeretsa tsamba lija, kalatayo nditaijambula mbali zonse ziwiri. Ulendo uno sanandidikiritse. Tiyi amene mayi a kunyumba anandiikira asanazizire, mbiri yanga inali itafanso. Mbalame ija inandilembera mwaulemu kwambiri, ulemu wa munthu amene akukutsekera chitseko pang'onopang'ono kuti chisakupane chala. Inati kalata yangayo sinasindikizidwe m'buku kapena m'nyuzipepala, inati mboni zanga ndi anzanga, ndipo inandichenjeza kuti ndikabwerezanso andiletsa kulemba. Pomaliza inandipatsa uphungu waulere: "Ngati moyo wanu uli woyenera kulembedwa, wina adzaulemba."

Ndinayankha ndi ukali wonse umene chala chimodzi chingathe. Ndinafunsa kuti ndi mtolankhani uti amene akanabwera pansi pa mango kudzajambula ana a mphere akudya chinangwa. Ndinafunsa ngati umboni wabwino ndi wa munthu amene kunalibeko. Yankho silinabwere, mwina mbalameyo inali kalikiliki kukonza tsamba la nankafumbwe. Mtima utatsika ndinavomereza chamumtima kuti lamulo lawo si lopusa. Aliyense atamadzilembera, theka la amuna omwa mowa kufupi ndi siteshoni akanakhala akuluakulu a asilikali. Koma kuvomereza sikunachotse ululu, ndipo foniyo ndinaisiya m'kabati masiku angapo.

Mvula itayamba, uthenga unafika woti mnzanga uja wamwalira. Mwana wake wamkulu anandiimbira foni n'kupempha kuti ndikawerenge mbiri ya malemu kumanda, monga timachitira bokosi lisanatsike. Anati palibenso wina wotsala amene anagwira ntchito ndi malemuwo zaka za ku Malawi, poti iye anali khanda kumbuyo kwa amayi ake.

Ndinali ndi tsiku limodzi lokha. Ndinatenga kope lija kuti ndipeze tsamba loyera, koma maso anagwera pa mbiri yanga yokanidwa. Ndinatenga cholembera n'kufufuta dzina langa ndekha. Ndinasintha mudzi wobadwira ndi chiwerengero cha ana. Zina zonse zinamukwana, mango, chitseko cha makala, tchire la m'kalasi. Ngakhale mawu aja amene pa ine ankachititsa manyazi, wolimba mtima, wodzipereka, pa iye anakhala bwino popanda kuwadula.

Kumanda ndinawerenga ndikumasulira m'Chinyanja, bambo wina akubwereza m'Chiyao. Nditafika pa ana odya choko, anthu a imvi anaseka misozi ili m'masaya, ena akuloza anzawo kuti wakuba choko anali uyu. Palibe anaimika dzanja kufunsa kuti zinatuluka m'nyuzipepala iti. Nditatchula nyali ya Ngauma, khamu lonse linavomera ndi mitu.

Titasamba m'manja, mwana wa malemu anabwera n'kugwada. Anapempha mapepalawo kuti adzukulu adzawerenge za agogo awo. Ndinawang'amba m'kope onse anayi n'kumupatsa, ndipo anawapinda mosamala n'kuwaika m'thumba la jekete.

Mu chapa wobwerera ku Cuamba ndinakhala pambali pa mayi a kunyumba, amene anandiperekeza kumaliroko. Titadutsa Mandimba anandigwira bondo n'kufunsa motsitsa mawu, mopanda chipongwe chawo cha masiku onse.

"Nanga yanu, bambo, adzawerenga ndani?"

Ndinatsegula kope lija pamiyendo n'kuyang'ana pamene ndinang'ambapo mbiri yanga.