Chiwindi Chimene Ndinadya M'malo Mwake

Ndinataya mkazi wanga. Ndinataya wondidzutsa m'mawa ndi phazi lozizira. Ndinataya wondiseka ndikamayankhula Chingerezi ndi kondakitala wa kombi, minibasi za kuno.

Khansa ya m'bere tinkayesa kuti tathana nayo. Opaleshoni inachitika, mankhwala anamaliza, tsitsi linameranso. Kenako pa sikani adokotala anaona timadontho pachiwindi. Anati si kadontho kalikonse kamene kamakhala khansa, koma ayenera kutengapo kachidutswa ndi singano kuti akayeze, chifukwa mankhwala oyenera adzadziwika ndi zimene apeze. Ine ndinanyamula mawu oyambawo, otsalawo ndinawasiya m'chipatala momwemo.

Apongozi anga, mayi ake, anamva liwu limodzi lokha: chiwindi. M'mawa mwake anafika kuchokera kwawo ku Mzilikazi, dera lina la mumzinda womwewo, ndi bakuli lokulunga pansalu, m'kati muli chiwindi cha ng'ombe chokazinga ndi anyezi.

"Chiwindi chimachira ndi chiwindi," anatero. "Idya, mwananga."

Mkazi wanga fungo lokhalo linkamuchititsa nseru. Apongozi atatuluka kukayanika zovala, mkazi wanga anandikankhira mbale, n'kunditchula dzina limene ankandiseka nalo.

"A Koleji, thandizani. Munakhoza mayeso ambiri, awa sangakukanikeni."

Ndinadya choimirira kuseri kwa chitseko. Apongozi ataona mbale ili mbee, tsiku lotsatira anawonjezera. Anzawo a kutchalitchi ku Barbourfields nawonso anayamba kutumiza mabakuli. Lamba wanga anayamba kuthina.

Zotsatira zinatuluka. Inali khansa yomwe ija, itafika kuchiwindi. Adokotala anasintha mankhwala, ndipo ananena mosabisa kuti atsopanowo ndi ochedwetsa matenda, osati ochiritsa. Mkazi wanga anafuna kuwauza mayi ake tsiku lomwelo. Ine ndinati tiyambe taona mmene mankhwala agwirire.

"Mukudikira mankhwala, kapena chiwindi chakukomerani?" anandifunsa.

Mbale iliyonse yomwe ndinkayeretsa inkawauza apongozi kuti mwana wawo akuchira, ndipo ndimamva ngati ikundiuza inenso chimodzimodzi.

Lamulungu lina masana apongozi anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Akamwini, odwala ndani m'nyumba muno? Masaya awa mwawatenga kuti?"

Mkazi wanga anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Kuseka kutatha, anawagwira mayi ake dzanja n'kuwauza zonse, sanandiyang'ane kuti ndivomereze. Apongozi anangopinda ndi kupindula nsalu ya bakuli ija. Tsiku lotsatira anabwera ndi chikwama cha zovala ndi ufa wa phala, ndipo ku Mzilikazi sanabwererenso.

Maso a mkazi wanga atasanduka achikasu ankagona nthawi zambiri. Ine ndinkakhala pampando wa pazenera, ndikuwerenga kapepala ka m'bokosi la mankhwala, ngati kuti mwatsala mzere umene sindinauone. Madzulo ena, dzuwa lisanalowe, anatsegula maso n'kundipeza ndili choweramira kapepalako. Anamenya matiresi pang'onopang'ono ndi chikhatho.

"A Koleji, sukulu yaweruka. Bwerani mukhale apa, muzingondiyang'ana."