Chitenje chimene ndinamuyalira

Munthu amene anthu a ku Tembwe anadzayamba kumutcha olemekezeka, ine ndinamudziwa akugulitsa mchere ndi sopo pa njinga. Kenaka anagula chigayo, kenaka lole yonyamulira mpunga wathu. Sindinamukhulupirirepo. Ankaseka ndi mano okha, maso ali pa nkhokwe yako.

Chaka cha chilala chija, tikudya ufa wachikasu, mwana wanga wamkazi anachira mwana wamwamuna, koma magazi sanaleke. Tinamunyamula pa machira mpaka kumsewu, n'kumugoneka pa chitenje changa. Lole ija inatulukira, ikupita ku boma ku Chama, kumene kuli chipatala. Ndinagwada pakati pa msewu.

"Bambo, tichitireni chifundo. Mungomutula pachipatala."

Iye anasuzumira pawindo. "Amayi, magazi a uchembere m'galimoto ya malonda? Mufuna mundiphere bizinesi? Funani ngolo."

Ngolo inapezeka dzuwa litapendeka. Mwana wanga anatsirizikira m'njira, tisanawoloke ndi mtsinje womwe. Khanda ndinalera ndi phala la madzimadzi.

Azimayi anzanga anati chitenjecho nditenthe. Ndinavomera pakamwa, koma ndinachipinda chosachapa n'kuchibisa pansi pa mtanga.

Patapita zaka, zisankho zitayandikira, munthu uja analowa ndale. Lole yomweyo inayamba kunyamula odwala ndi maliro ulere, mwini wake akulira pamanda kuposa anamfedwa. Tsiku lina anabwera kwathu kudzapempha mavoti.

Kwathu mlendo wamkulu saponda fumbi. Azimayi timamuyalira zitenje kuchokera pa galimoto mpaka pa mpando. Zimene ndinakonza sindinauze munthu, ngakhale mlamu wanga, paja pakamwa pake m'pobooka. Changa ndinachiyala kutsogolo kwa mpando, mawanga ali pansi. Ndinaimba nawo, nthungululu ndinaliza. Iye anaimapo ndi mapazi onse awiri, akulonjeza ambulansi.

Atatsiriza ndinaimirira, mdzukulu wanga nditamugwira dzanja.

"Bambo, manje sunthani pang'ono, nditenge chitenje changa."

"Tengani, amayi, tengani," anatero akuseka.

Ndinachitembenuza n'kuchikweza m'mwamba kuti ndi akumbuyo omwe aone.

"Awa ndi magazi aja munawakana pamsewu. Mwana uyu ndi wa malemuyo. Galimoto yanu munaiteteza. Nanga mapazi anu awateteza ndani?"

Analumphira pa dothi, navula nsapato zonse n'kuziponya kutali. Anakakwera galimoto ndi masokosi.

Mkulu wa mpingo anadzandiuza kuti ndachimwa, kubwezera n'kwa Mulungu. Ndinati Mulungu ndinamupatsa zaka zokwanira, ndaona kuti watanganidwa.

Munthu uja mavoti a kwathu sanawaone, ndipo mpando umene ankaufuna unapita kwa wina, amenenso sindimukhulupirira. Akuti mwini lole uja anatupa miyendo, akuti anazungulira asing'anga mpaka ku Malawi. Za akuti ine sinditola. Chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti lole yake ikafika pamudzi pathu inkadutsa mothamanga, osaima.

Chitenjecho ndikadali nacho, chosachapa. Anthu otere amabweranso.