Sing'anga Wosathira Mchere

Munthu woyamba amene ndinapanga mu gemu ija anali msilikali wa lupanga lalitali, mapewa ngati chitseko. Anzanga anamuseka mpaka kugwira nthiti.

Tinkasewera anthu anayi, Lamlungu masana tikaweruka kutchalitchi, kuseri kwa shopu yometera mu komboni ya Kanyama. Mwini shopuyo anali ndi makompyuta akale, ndipo magetsi akakhalapo tinkapanikizana pabenchi limodzi. Gemuyo inali ya dziko lopeka, la zinjoka zouluka, mfiti ndi mizinda ya malinga. Koma gulu limene tinalowa pa intaneti silinali la ongobayana. Aliyense ankalemba mbiri ya munthu wake, kumene anachokera ndi chimene amaopa, kenaka nkumalankhula ngati munthuyo ndi iye. Ena a m'gululo anali kumaiko amene ine sindidzapondako.

Wometayo, mwini shopu uja, ndiye anali katswiri wathu. Atawerenga za msilikali wanga anati, "Iwe, uyu si munthu, ni chidole. Alibe chilonda. Munthu wazoona afunika kukhala na chinthu chamene safuna kukamba."

Zinandiwawa. Sabata yonse ndimakhala pamsika kukonza mafoni a anthu amene sandiyang'ana ngakhale kumaso. Ndiye ndisekedwenso m'dziko lopeka? Ndinapita kunyumba nditatupa mtima, ndikufuna chilonda choti ndimupatse munthu wanga. Sindinavutike kufuna, chifukwa chilonda chinali m'nyumba mwathu momwemo.

Ndinkakhala ndi mlongo wanga wamkulu, ba sisi, amene anandilera makolo athu atabwerera kumudzi ku Katete. Ba sisi anakwatiwa ku Matero, nabereka mwana wamkazi. Ali ndi miyezi isanu mwanayo anayamba kutsokomola, anatupa miyendo ndi kumaso, namwalira. Kuchipatala ananena zawo, koma apongozi awo ananena kuti ndi mdulo. Kwathu amati mkazi akathira mchere m'ndiwo ali kumwezi, kapena mwamuna akagona kunja mwana ali wakhanda, mwanayo amadulika. Kuti alamu anga anali ndi mkazi wina ku komboni ya George, ngakhale agalu a ku Matero ankadziwa. Koma pamaliro chala chinaloza ba sisi, ndipo alamuwo anangozolika ngati nkhuku yonyowa.

Ba sisi anathawira ku Kanyama chifukwa kunalibe wodziwa nkhaniyi. Anayamba kukazinga tchipisi pamsika. Botolo la mchere linkakhala patebulo, wogula aliyense nkudzithirira yekha, ndipo anthu ankati ndi ukhondo. Kunyumba ndiwo zikapsa ankandiitana kuti, "Bwera uthire." Zaka zinayi dzanja lawo silinakhudze mchere.

Tsiku lina tikuchokera kumpopi, zigubu kumanja, anangoima panjira nandiuza. "Tsiku lina, mwana asanadwale, ninathira mchere. Ninali kumwezi, panyumba panalibe wina, alamu ako anali kufuna kudya. Ninathira, mlongo wanga." Sanauzepo munthu wina, ngakhale abusa. Anandiuza ine chifukwa ndine amene ndinkagwira botololo.

Msilikali ndinamufufuta. Ndinapanga sing'anga wamkazi woyenda ndi ankhondo, wochiza mabala a aliyense, amene sakhudza mchere. Ndinalemba m'Chingerezi changa chothyokathyoka kuti anali ndi mwana, kuti akuchimuna anamuloza chala pamanda, kuti anathawira kumzinda wa matope kumene samudziwa. Ndinaikamo ndi mawu aja, kuti ndinathira. Sindinasinthe kanthu, ine chitsiru, kupatula kumuveka mkanjo wobiriwira ndi kumupatsa ndodo.

Eee, anthu anamukonda! Gulu likamanga msasa m'nkhalango, sing'anga wanga ankaphika nkuitana wina kuti adzathire mchere. Mzimayi wina wa kutsidya kwa nyanja analemba kuti analira. Wina anafunsa kuti nzeru zotere ndimazitenga kuti, ine nkuyankha kuti zimangobwera m'mutu. Wometa uja anandimenya paphewa nati, "Manje uyu ni munthu." Ndinayenda m'matope a Kanyama tsiku limenelo ngati ndavala nsapato zatsopano. Ndikakumbukira kunyada kumeneko ndimafuna kulavula.

Chimene sindinaganize nchakuti wometayo ali ndi mkazi, ndipo mkaziyo amagulitsa tomato matebulo atatu kuchokera pa ba sisi. Mwamunayo, posangalala, anamufotokozera mkazi wake nkhani ya sing'anga, mwina pofuna kuonetsa kuti Lamlungu sitimangotaya nthawi. Mkaziyo gemu sankaidziwa, koma botolo la patebulo lija ankaliona tsiku ndi tsiku. Anangolumikiza.

Pamsika nkhani siyenda, imauluka. Pofika Lachitatu azimayi oyembekezera ndi obereka ana kumbuyo ankalambalala tebulo la ba sisi. Ena ankabwera dala, nkunena mokoma kuti, "Tithirireniko ka mchere, mayi," kuti aone chimene achite. A kutchalitchi kwathu, amene amati za mdulo nzachikunja, ndiwo anaposa onse. Anabwera atatu ndi mabaibulo kudzawapempherera pamsika pomwepo, mokuwa, kuti mzimu wa imfa ya mwana uchoke. Anthu anaunjikana ngati pagwa minibasi.

Ine ndinamva phokosolo ndili pa tebulo langa, foni ya munthu ili yotsegula m'manja. Ndinamva mawu akuti mchere, ndinamva akuti mwana, ndipo ndinadziwa. Sindinadzuke. Ndinaweramira foni ija ngati muli chinthu chovuta kwambiri.

Nditaweruka ndinathamangira kushopu kukakalipa. Wometayo anatambasula manja. "Nanga ine ninadziwa bwanji? Iwe unakamba kuti vinachoka mu mutu mwako." Ndinafuna kumuswa ndi mpando wake womwe, koma ananena zoona, ndipo nchimene chinandipsetsa mtima koposa. Ndinafufuta mbiri ija pomwepo, ngati zingathandize. Madzi akatayika saoleka.

Kunyumba ndinapeza ba sisi atakhala pakhonde, dzuwa likadalipo, beseni la tchipisi zosagulidwa lili pambali. Sanalire, sanakuwe. Ndikanakonda akanandimenya.

"Ba sisi," ndinatero, "sininalembe dzina lanu."

"Anzako anakondwera?"

Ndinayang'ana beseni lija.

"Nikufunsa. Mwana wanga anawakondweretsa?"

Ndinayamba kufotokoza zoti ndi gemu chabe, zoti amafuna munthu wokhala ndi mbiri yozama, zoti anthu anamulemekeza sing'angayo, mwinanso kuposa mmene anthu a ku Matero anawalemekezera iwo. Ndinanenadi zimenezo, pakamwa panga pomwepa. Ba sisi anandiyang'ana mpaka mawu anandithera.

Kenaka analowa m'nyumba natuluka ndi mbale ndi botolo lija. Anadzaza mbale ndi tchipisi zozizira. Ine mwa chizolowezi ndinatambasula dzanja kuti ndilandire botolo, koma iwo analikankha. Anatsegula chivindikiro chonse, nakhuthulira mchere m'chikhatho mwawo, nathira. Anathiranso, mpaka tchipisi zinayera mbuu.

"Idya," anatero. "Ukalembe na ichi, bakuombere m'manja."

Ndinadya. Milomo inang'ambika, misozi inatuluka, koma ndinadya mbale yonse iwo akuyang'ana.

Loweruka ndinabwera kuchokera kumsika nkupeza chiwaya palibe, mbaula palibe, chikwama chawo palibe. Aneba anati anakwera minibasi ya kutauni, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti ali cha ku Mtendere, kumene ayambanso pakati pa anthu osawadziwa. Foni yanga sayankha. A m'gulu lija mpaka lero amafunsa kuti sing'anga wathu adzabwera liti, chifukwa msasa sukoma popanda iye. Botolo lija ba sisi analisiya patebulo, chivindikiro chili pambali.