Mapulanga Amene Ndinabisa M'mabango

Ndikukumbukira chaka chimene atate anagwetsa shedi yakale ya thonje kumudzi kwathu, kufupi ndi Kavalamanja. Ndinali ndi zaka khumi. Atate anali kalipentala, ndipo eni shediyo anawalola kutenga mapulanga amene chiswe chinasiya. Kunja anali otuwa ngati phulusa, koma atate akangowapala, mkati munkatuluka mtengo wa mukwa wofiira, wonunkhira. Ine ndinkazula misomali yadzimbiri n'kumaiwongola pamwala. Mapulanga anayi osalala bwino atate anawaika padera kuti andipangire tebulo lolemberapo.

Mvula itayamba, mlongo wanga Zuze, wa zaka zitatu, anadwala malungo. Atate anamubereka pa njinga kupita naye kuchipatala ku Katondwe, koma anabwerera panjira, akukankha njinga, mwana atamufunditsa chitenje mpaka kumutu.

M'mawa mwake ndinawaona akuyeza mapulanga anga aja ndi chingwe chimene anayezera Zuze. Atalowa m'nyumba, ndinawakoka limodzilimodzi mpaka m'mabango a m'mbali mwa Zambezi, n'kukhalapo. Za tebulo ndinalibe nazo ntchito. Mumtima ndinkati bokosi likasowa, Zuze sangamuike m'manda, akhalabe nafe.

Atate anatsata mkukuluzi wa mapulangawo mumchenga. Ndinayembekeza mkwapulo, koma iwo anangokhala pansi pambali panga, pamatope pomwepo.

"Lusiya mwanangu, dzuwa lakwera. Anthu akudikira."

"Musamuikemo, atate. Muli mdima."

Atate anati, "Ndinapalasa njinga mpaka miyendo inakana. Chimene chatsala choti ndingamuchitire ndi ichi chokha. Usandilande."

Tinanyamula mapulangawo awiriwiri, iwo kutsogolo, ine kumbuyo. Pokhoma bokosilo, misomali inkangowapindikira. Munthu amene ankakhoma msomali kawiri kokha n'kulowa, tsikulo anaphonya mpaka kudzimenya chala. Uliwonse wopindika ankandipatsa, ine n'kuuwongola, misozi ikugwera pamwalapo.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti akulu amakhala ndi njira pa chilichonse, ndipo ndinawakwiyira atate miyezi yambiri chifukwa sanaipeze. Lero ndine mayi, ndipo nanenso ndinaikapo mwana. Ndinazindikira kuti m'mabango muja tinakhala anthu awiri osowa chochita mofanana. Kusiyana kwake kunali kwakuti iwo anayenera kudzuka, n'kukagwira hamala.