Benchi ya Tchalitchi Pamutu Panga

Ndikukwera chitunda cha kutchalitchi nditasenza benchi popanda nkhata. Pabenchipo pakhala apongozi anga odwala aja ndi ana a malemu achimwene, akudya chinangwa. Azimayi anzanga a mumpingo aima pakhomo, mabulauzi ali mbee, koma palibe wondichingamira.

"Mutulireni Yesu katunduyo, mayi!" akufuula amayi busa, atapinda manja.

"Nanga manja anuwo anadyedwa ndi chiswe?" ndikuwafunsa.

Pakubwera bambo wa zipsera m'manja. Akuvula mwinjiro, akuupinda kukhala nkhata yanga, n'kulowa nane pansi pa benchi. Azimayi aja ayamba nyimbo yomuitana kuti abwere, atatsinzina.

Ndadzuka khosi lili gwa, mtima ukutentha. Lero kuli mapemphero a azimayi, ndipo bulauzi sindisita.